Yang'anani yemwe akunamizidwa

Achemwali, mwati buku lomwe mukuwerengalo, la akazitape awiri omwe anatumidwa kukanamizira banja kenako n'kuyamba kukondana zenizeni, likukusowetsani tulo. Ndipo mukufunsa ngati n'koyenera kukondwera ndi chikondi chomwe chayambira pa bodza. Ine ndikuti pitirizani kuwerenga, musachite nazo manyazi. Mabuku amtunduwu ndimawakonda kwambiri. Koma ndikamawerenga ndimakhala ndi funso limodzi, ndipo yankho lake ndi lomwe limandiuza ngati mlembiyo ndimukhulupirire: kodi pa bodza limeneli, akunamizidwa ndani?

Ndiyambe ndi chomwe chimakoma. Ambiri amati mtima umakhala m'mwamba chifukwa cha mfuti, kuthamangitsana pa galimoto, kapena bomba lomwe latsala pang'ono kuphulika. Ine zimenezo ndimaziwerenga mothamanga. Chomwe chimandiimitsa ndi dzina. Anthu awiri akugona nyumba imodzi, akuitanana mayina onamizira, ngakhale ali okha, chifukwa sakudziwa ngati m'chipindamo mwabisidwa kachipangizo kojambula mawu. Mwamuna agwira dzanja la mkazi pamaso pa adani, imeneyo ndi ntchito. Adani aja achoka, chitseko chatsekedwa, koma dzanja lija sanalisiye. Apa mkaziyo sangafunse, ndipo ngakhale atafunsa, yankho angalikhulupirire bwanji? Mnzakeyo anaphunzitsidwa kunama mosaphethira. Iye mwini anaphunzitsidwanso zomwezo. Ntchito yawo yawalanda njira zonse zomwe anthu wamba amasonyezera chikondi, chifukwa kupsompsona, mphatso, nsanje, zonsezo zili kale m'sewero lomwe anawapatsa. Ndiye mlembi waluso amasaka kanthu kakang'ono komwe sikanali m'malamulo a ntchitoyo. Wina akumbukira kuti mnzake amaopa mdima, n'kusiya nyali ili chiyakire osanena kanthu. Kanthu kotere ndi komwe kamandipangitsa kubwerera tsamba lomwelo kawiri.

Musaganize kuti zonsezi n'zopeka. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, dziko la Britain linakhazikitsa gulu lachinsinsi la SOE mu 1940, lomwe linkatumiza anthu kumaiko olandidwa ndi Germany. Mmodzi mwa iwo anali Odette Sansom, mayi wa ana aakazi atatu, yemwe analowa m'dziko la France mu 1942 ndi dzina lonamizira lakuti Lise. Ankagwira ntchito pansi pa Peter Churchill. Atagwidwa onse awiri mu 1943, Odette anauza owagwirawo kuti iye ndi mkazi wa Peter, komanso kuti Peter ndi mbale wa Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain pa nthawiyo. Zonse ziwiri zinali zabodza, koma ankayembekeza kuti adaniwo achita mantha kuwapha. Odette anamuzunza koopsa, sanaulule anzake, ndipo anatumizidwa kundende ya Ravensbrück. Onse anapulumuka, ndipo mu 1947 anakwatiranadi. Banjalo silinakwanitse zaka khumi. Zimenezi zimandikhudza mtima nthawi zonse, chifukwa mabuku ambiri amathera pa ukwati, osatiuza kuti anthu omwe anadziwana ali pakamwa pa imfa amakhala bwanji tsiku lomwe kulibenso wowasaka.

Taonani kuti pa nkhani ya Odette, bodza linkalunjika kwa mdani. Awiriwo aliyense ankadziwa ntchito ya mnzake. Umu ndi momwe buku lanulo lilili, malinga ndi momwe mwalifotokozera, ndipo n'chifukwa chake sindikuona chokudetsani nkhawa.

Pali mtundu wina womwe ndimauwerenga mtima uli wolemera. Kazitape mmodzi yekha ndiye akudziwa zoona, winayo ndi munthu wamba yemwe wapereka mtima wake kwa munthu woti kulibe. Boma la East Germany linkachita zimenezi mwadala: nthambi ya ukazitape wakunja yomwe ankatsogolera Markus Wolf inkatumiza amuna kukanyengerera akazi ogwira ntchito za usekilitale m'maofesi a boma ku Bonn, likulu la West Germany pa nthawiyo, kuti azikawabera zikalata. Ku Britain nako, wapolisi Mark Kennedy anakhala zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri pakati pa magulu omenyera zachilengedwe akudzitchula Mark Stone, ali pa ubwenzi ndi akazi omwe sankadziwa kuti ndi wapolisi. Zinaululika mu 2010, mkazi yemwe anali naye atapeza pasipoti yolembedwa dzina lake lenileni. Mu 2015 apolisi a ku London anapepesa kwa akazi asanu ndi awiri omwe anapusitsidwa ndi apolisi obisala m'njira yotereyi. Ganizirani mkazi ameneyo atagwira kabuku kakang'onoko, nkhope akuidziwa, dzina sakulidziwa.

Sindikunena kuti mlembi asalembe nkhani yotere. Alembe, imatha kukhala yamphamvu kuposa yoyamba ija. Chomwe chimandikwiyitsa ndi pamene chinsinsi chaululika m'mutu wotsiriza, mkazi alira masamba awiri, mwamuna anena kuti poyamba inali ntchito koma pano ndimakukondadi, basi nkhani yatha ndi ukwati. Ayi. Wonamizidwayo anataya zaka, anataya chikhulupiriro pa maso ake omwe. Buku labwino limamupatsa nthawi yokwiya, limamulola kufunsa za tsiku lililonse lomwe anakhala limodzi, kuti tsiku lija unali iwe kapena unali pa ntchito? Ndipo limavomera kuti mwina sangakhululuke. Mlembi akathawa pamenepa, ndimadziwa kuti ankakonda kazitape wakeyo kuposa munthu yemwe anapwetekedwa.

Kanthu kena kakang'ono, poti mwati mukulephera kuliika pansi: musasuzumire tsamba lomaliza. M'mabuku achikondi chabe kusuzumira sikuwononga zambiri, poti mathero amadziwika kale. Koma muno mlembi wayala zinthu mwadongosolo, ndani akudziwa chiyani ndipo wachidziwa liti. Mukadziwiratu yemwe akuwapereka kwa adani, mitu yonse yapakati ifooka. Bola mukamaliza mudzaliwerengenso, mudzaone momwe wowaperekayo ankalankhulira kuyambira pachiyambi pomwe.

Mukafika pamene mmodzi wa awiriwo adzatchule dzina lenileni la mnzake koyamba, mudzabwere mudzatiuze. Ndikufuna kudziwa ngati analitchula monong'ona ali okha, kapena linangomupulumuka pakamwa mnzakeyo atavulala, adani ali pomwepo akumva.