Akuti tibwerere kwathu, nkumati ndi ufulu wolankhula

FUNSO

Zikomo Azakhali. Ndine mayi wa ana atatu. Kwathu ndi ku Thyolo, koma ndakhala ku Chibavi muno mu Mzuzu zaka 11 ndikugulitsa kaunjika. Amalondafe tili ndi gulu la pa WhatsApp lokambiranamo mitengo ya mabelo ndi zamaliro. Mwezi watha bambo wina wogulitsa nsapato analembamo kuti akummwera tadzaza msika ngati nsikidzi, tibwerere kwathu. Ena anaseka. Nditadandaula anati umenewo ndi ufulu wolankhula, anauvotera mu 1993. Mwana wanga wotsiriza anabadwira konkuno ndipo Chitumbuka amachidziwa kuposa Chilomwe. Kodi ufulu wake ndi umenewu? Ndikawaneneze kupolisi?

Mayi wodandaula, Chibavi

YANKHO

Pepani mwana wanga. Kalata yanu ndaiwerenga mtima ukuwawa, makamaka ndafika pa mwanayo.

Za 1993 bamboyo sakunama. Pa 14 June chaka chimenecho Amalawi tinavotera zipani zambiri, ndipo ufuluwo sunabwere chabe. Mu March 1992 mabishopu a Katolika anaopsezedwa chifukwa cha kalata yawo yodzudzula boma, ndipo mwezi wotsatira Chakufwa Chihana, mwana wa ku Rumphi amene ankamenyera ufulu wa zipani zambiri, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Lero gawo 35 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wolankhula zakukhosi. Bamboyo akanena kuti inuyo mumatsitsa mitengo nkumulanda makasitomala, kapena kuti chitukuko chimachedwa kufika kumpoto, aloleni anene ngakhale zikupwetekeni. Ine ndimuikira kumbuyo.

Koma Malamulo omwewo, pa gawo 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chilankhulo, chipembedzo kapena kochokera, ndipo gawo 44 limavomereza kuti ufulu ukhoza kuikidwa malire ndi lamulo. Bamboyo sanadandaule za chimene mwachita. Wanyoza kumene munabadwira, chinthu chimene simungachivule ngati chitenje.

Mawu oti "bwererani kwanu" ine ndinawamva koyamba mu 1989, ndili Fomu 3 ku Dedza. Boma la nthawiyo linalamula kuti aphunzitsi ochokera kumpoto akaphunzitse kwawo. Aphunzitsi athu a masamu anali a ku Karonga, akazi awo Achewa. Ndikukumbukira mabedi ndi mapoto ali pa lole, ana awo akulira chifukwa kwawo kumene ankakunenako sankakudziwa. Teremu imeneyo tinaimaliza opanda wotiphunzitsa masamu. Akumpoto ululu umenewu amaudziwa bwino. Chitumbuka chinachotsedwanso pa wailesi ya MBC mu 1968. Nchifukwa chake zimandiwawa kwambiri kumva mwana wakuno akutola mkondo womwewo kuti alase mnzake. Ndipo tisaiwale kuti zisankho za 1999 zitatha, mizikiti inawotchedwa kuno kumpoto, anthu akummwera nkugona ndi mantha. Moto uja unayambira pakamwa.

Liwu la "nsikidzi" musalipeputse. Nsikidzi munthu sakambirana nayo, amaithira madzi otentha. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ina inkatcha Atutsi "inyenzi", kutanthauza mphemvu, kufikira anthu anazolowera kuti kupha mnansi ndi kusesa m'nyumba. Mzuzu sanafike pamenepo, ndipo ndikukhulupirira kuti bamboyo amangofuna kuseketsa anzake. Chondidetsa nkhawa ine ndi aja anasekawo.

Nanga kupolisi? Sungani uthengawo, muujambule pafoni. Kuli lamulo la 2016 loletsa kuzunza kapena kuopseza anthu kudzera pafoni ndi pa intaneti. Tsiku limene wina adzalembe kuti akuwotcherani benchi kapena akuthamangitsani, musadikire kuti kuche, pitani. Koma pa mawu awawa ine sindingayambire kumeneko. Akagona m'chitolokosi usiku umodzi atuluka ngati ngwazi, msika ugawika pawiri, ndipo maganizo ake sasintha ngakhale pang'ono. Komanso ife amene tinakula tikunong'ona poopa a payoniya, achinyamata a boma la Kamuzu aja, sitifulumira kupempha boma kuti litseke munthu pakamwa.

Ufulu umene akuunenawo ndi wanunso, ugwiritseni ntchito. Pitani kwa atcheya a komiti ya msika, ndipo musapite nokha kapena ndi akummwera okhaokha. Tengani mnzanu wakonkuno, uja mumasungirana katundu mukapita kukapikula. Mawu ake adzalemera kuposa anu. Pemphani kuti gululo likhale ndi lamulo loti wonyoza mtundu wa mnzake achenjezedwe, akabwereza achotsedwe. Kumeneko si kumulanda ufulu; gulu ndi la eni ake, monga pamaliro amfumu amakhazika pansi wolankhula zachipongwe.

Ndikufunseninso chimodzi, musakwiye. Anzanu akummwera akamatchula anthu akuno kuti "ambwenumbwenu", inu mumatani? Ngati mumaseka nawo, atcheya akakufunsani zimenezo, ndipo ndi bwino mukhale mutaziganizira kale.

Bamboyo mukakumane naye maso ndi maso, m'mawa msika usanadzaze. Mukamupatse moni wa Chitumbuka, kenako mukamufunse modekha kuti mwana wanu wobadwira ku Mzuzu uja akwere basi yopita kuti. Mudzandilembere chimene adzayankhe.

Azakhali