Adzukulu anga, aphungu akamakambirana za penshoni ndi sukulu za luso musamatseke wailesi

Adzukulu anga, mafunso anu ndawalandira, ndipo atatu mwa iwo ndi apachibale. Wina akuti aphungu akangoyamba kukambirana zopereka mphamvu ku maboma ang'onoang'ono iye amatseka wailesi, poti ndi za andale. Wina akuti akufuna adzaime pa ukhansala kapena uphungu, chifukwa wamva kuti atsogoleri osankhidwa akumenyera zoti azilandira penshoni moyo wawo wonse. Wachitatu ndi mtsikana amene akuphunzira kuwotcherera zitsulo. Anzake amamuseka, ndipo pasukulu pawo makina owotcherera alipo amodzi okha. Ndikuyankhani nonse pamodzi, chifukwa thumba lotulukamo penshoni ya mtsogoleri ndi lomwelo loyenera kutulukamo makina a mwana wowotcherera uja.

Ndiyambe ndi iwe wotseka wailesi. Nkhani ya mphamvu ku anthu ikufunsa kuti ndani azigamula za chipatala, msewu ndi sukulu ya kwanu: munthu wa ku likulu amene sadzakuona nkhope, kapena munthu amene ungathe kumupeza ndi kumufunsa. Dziko la Kenya linalemba malamulo aakulu atsopano mu 2010, nkudzigawa m'zigawo 47, chilichonse ndi gavanala wake komanso nyumba yake ya malamulo. Maboma a zigawowa anayamba ntchito mu 2013. Malamulowo anatchula ntchito zopita ku zigawo, monga zipatala za m'deralo, sukulu za mkaka ndi sukulu za ntchito zamanja za kumudzi, ndipo analamula kuti pa ndalama zimene boma lalikulu latolera, zosachepera 15 pa 100 zilizonse zizipita ku zigawo. Ku Malawi lamulo la maboma ang'onoang'ono linakhazikitsidwa mu 1998, makhansala anasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 makhonsolo anakhala opanda makhansala mpaka 2014. Lamulo linalipo ndithu, koma munthu womutuma panalibe.

Ndiye aphungu akamatsutsana, khutu lako lizisaka chinthu chimodzi: ntchito imene akuitsitsira ku khonsolo ikutsika pamodzi ndi ndalama zake? Akatsitsa ntchito yokha ndalama nkutsala ku likulu, ndiye kuti angotsitsa munthu woti muzimunyoza zinthu zikavuta.

Tsopano iwe wa ukhansala, mdzukulu wanga, khala pansi timvane bwino. Ine ndine wokalamba, penshoni sindingainyoze. Mphunzitsi amene wameza fumbi la choko kuyambira unyamata wake mpaka imvi, namwino amene wachezera usiku ndi odwala mpaka miyendo kutupa, amenewa akapuma ayenera kulandira zawo msanga, osayenda ndi mafayilo kukhwapa kuchoka ofesi iyi kupita ofesi iyo mpaka nsapato kutha. Lamulo la penshoni la ku Malawi la 2011 linati olemba ntchito azisonkha 10 pa 100 zilizonse za malipiro a wantchito, mwiniwakeyo azisonkha 5. Penshoni yotere ndi thukuta la munthu losungidwa pang'onopang'ono.

Zimene ndimakana nzakuti munthu amene anthu amutuma zaka zisanu zokha adzilembere yekha lamulo loti boma lizimudyetsa mpaka kumanda. Mphamvu zikatsikira ku zigawo, mipando imachuluka. Ku Kenya kokha kuli magavanala 47, achiwiri awo 47, ndi makhansala osankhidwa m'mawodi 1,450. Chisankho chilichonse chimagwetsa ambiri mwa iwo, ena atsopano nkulowa. Aliyense wogwa akamapatsidwa malipiro a moyo wonse, mzere wa olandira uzingotalika zaka zisanu zilizonse, ndipo olipira msonkho wake ndinu, inu amene lero mukusowa makina. Akale anati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma apa nkhuyu zodya akulu zidzapota ana. Si ine ndekha woona zimenezi. Mu 2020 pulezidenti wa Kenya pa nthawiyo, Uhuru Kenyatta, anakana kusayina bilu imene aphungu anavomereza yoti aphungu akale, amene anatumikira pakati pa 1984 ndi 2001, azilandira 100,000 shilling mwezi uliwonse. Ku United States kuli ndime ya malamulo aakulu imene anaiganiza mu 1789 koma inavomerezedwa mu 1992, yonena kuti aphungu akasintha malipiro awo, kusinthako kudikire kaye chisankho chichitike. Nzeru yake ndimaikonda: wogawa asadzigawire yekha pamene mpeni uli m'manja mwake, ayambe wabwerera kwa anthu.

Choncho ngati chimene chikukukokera ku mpando ndi penshoni, usaime. Yamba wapeza ntchito ya manja ako kapena ya mutu wako imene ungabwerereko anthu akakukana. Mtsogoleri wopanda pobwerera amaopa chisankho, ndipo mantha amenewo ndi amene amamuphunzitsa kugula mavoti ndi kudzitchinjiriza ndi malamulo omukomera yekha. Ukadzasankhidwa, udzasonkhe penshoni yako kuchokera pa malipiro ako ngati wantchito wina aliyense, ndipo nthawi yako ikatha udzatenge zimene unasonkha.

Iwe mwana wanga wowotcherera, usagwetse nkhope. Amene akukusekawo mawa adzabwera ndi chitseko chothyoka kudzakupempha kuti uwakonzere. Dziko la Germany, limene makina ake amagulidwa padziko lonse, limalemekeza kwambiri maphunziro otere. Kumeneko wachinyamata amakhala masiku ambiri a sabata pakampani akugwira ntchito pansi pa mmisiri, tsiku limodzi kapena awiri ali m'kalasi, kwa zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka, ndipo amalandira kangachepe akuphunzira.

Koma dandaulo lako la makina ndi loona, ndipo limandiwawa. Kuwotcherera sikuphunziridwa ndi maso. Dzanja liyenera kuzolowera mtunda wa pakati pa ndodo ndi chitsulo, khutu lizindikire kulira kwa moto ukamayenda bwino, ndipo uboole zitsulo zambiri usanatulutse mzere wosalala. Gulu lonse likazungulira makina amodzi, wina akuwotcherera ena akubisa maso ndi zikhatho poti chigoba chotchinga kumaso nachonso nchimodzi, mudzatuluka ndi satifiketi koma manja ali osaphunzira. Ndalama za maphunzirowa zimakhala ndi gwero lake. Ku Malawi bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a luso, linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka msonkho wa 1 pa 100 zilizonse za malipiro a antchito awo kuti zithandize maphunziro a luso. Muli ndi ufulu wofunsa kuti sukulu yanu yalandira zingati ndipo zagula chiyani.

Kafunsidwe kake nako nkofunika. Kutukwana phungu pa Facebook kumangomupatsa chifukwa chokunyalanyazani, ndipo kuombera m'manja chifukwa wakupatsani kandalama ka m'thumba kumakutsekani pakamwa. Sonkhanani ophunzira nonse pamodzi ndi mphunzitsi wanu, muwerenge makina, zigoba ndi magolovesi amene alipo, mulembe kalata yaulemu yosayinidwa ndi mayina anu enieni, kope lina kwa khansala, lina kwa phungu, lina musunge. Mufunse tsiku limene khonsolo ikambirane bajeti ndipo mukakhalepo, mutavala bwino, mutasankha mmodzi wokuyankhulirani. Akakuuzani kuti ndalama palibe, mufunse modekha kuti m'bajeti yomweyo za maalawansi ndi zopumira za atsogoleri zayikidwa zingati, ndipo mupemphe kuti yankholo akupatseni molemba.