Za dzina la Essex ndi nkhani ya Romford

Achemwali amene mwafunsa kuti bwanji pa makalata anthu amalemba Romford, Essex pomwe council tax, msonkho wa khonsolo, mukulipira ku khonsolo ya Havering yomwe ili mu London, komanso kuti dzina la Essex-lo linachokera kuti, ndiyeseko kufotokoza chifukwa nane zinandizunguza mutu nditangofika kuno ku England mpaka ndinakhala pansi kuwerenga.

Essex poyamba silinali dzina la malo ayi, linali dzina la anthu. Aroma atachoka ku Britain cha m'ma 410 kunayamba kubwera ma Saxon kuchokera kumpoto kwa Germany, ndiye omwe anakhala chakum'mawa ankatchedwa East Saxons, m'chilankhulo chawo Eastseaxe, ndipo zaka zikupita pakamwa panafupikitsa mpaka Essex. Akum'mwera ndi Sussex, akumadzulo Wessex, apakati Middlesex. Zili ngati Angonia ku Mozambique kuja, malo kutenga dzina la Angoni omwe anakhazikikako. Mukaona mbendera ya Essex, yofiira ija yokhala ndi mipeni itatu yoyera yopindika, mipeni imeneyo ndi seax, yomwe anthuwa ankayenda nayo m'chiuno.

Chimene ambiri sadziwa n'choti Essex unali ufumu paokha, wokhala ndi mafumu ake, ndipo London yeniyeniyo inali m'manja mwawo. Mu 604, nthawi ya mfumu Saeberht, Mellitus anakhala bishopu wa London ndipo tchalitchi choyamba cha St Paul's chinamangidwa nthawi imeneyo. Ufumuwo unadzagonja kwa Egbert wa ku Wessex cha m'ma 825, kuchoka pamenepo unangokhala chigawo cha ufumu wina, koma dzina silinafe.

Tsopano za Romford yanuyo. Kwa zaka mazanamazana malire a Essex kumadzulo anali mtsinje wa Lea, kungowoloka Lea basi mwalowa Essex, ndiye Stratford, West Ham, Leyton, Walthamstow, Ilford, Barking, Dagenham ndi Romford onsewa anali Essex. Koma London inakula n'kumeza matauni amenewa, ndiye pa 1 April 1965 boma linawachotsa ku Essex n'kuwaika mu Greater London, ndipo tsiku lomwelo ndi pamene Havering inabadwa. Middlesex ndiye inatheratu ngati county (chigawo cha boma), ngakhale timu ya cricket idakali ndi dzinalo. A Royal Mail okha anapitiriza kugwiritsa ntchito Essex pa ma adiresi a ku Romford mpaka 1996, n'chifukwa chake chizolowezicho sichinathe mpaka lero.

Ine ndimawamvetsa eni ake akamakakamira dzinali. Ku msika wa Romford uja, womwe unayamba mu 1247, ndinachezapo ndi agogo ena ogula masamba, nditangoti kuno ku London anandigwira pa mkono n'kunena kuti iwo anabadwira mu Essex ndipo sanasamukepo chibadwire, nkhope ili yosaseka. Munthu wabadwa 1965 isanafike, makolo ake anaikidwa pompo, ungamuuze bwanji kuti kwawo kunasintha ndi cholembera?

Ndiye achemwali, pa zamasukulu, ma bin ndi council tax inu ndi a Havering, musavutike kuimbira ku Chelmsford komwe kuli likulu la Essex County Council, sakuthandizani. Pa kalata mulembe Essex kapena ayi imafikabe bola postcode ya RM ilipo.