Tifunseni: Kudziikira Nokha Makina Oonera Nsomba ndi GPS pa Boti

Funso: Ndili ndi boti la matabwa lokhala ndi injini ya Yamaha ya mahatchi 15, ndipo timapha utaka ndi usipa pogwiritsa ntchito khoka la chilimira. Mwana wanga amene ali ku Johannesburg wanditumizira makina oonera nsomba (fish finder) a Garmin omwe alinso ndi GPS, koma kuno kulibe mmisiri amene anaikapo makina otere. Kodi ndingaike ndekha osawaononga? *Msodzi, Nkhotakota*

Yankho: Bambo, mukhoza kuika nokha, ndipo ntchitoyi singakutengereni tsiku lathunthu. Chomwe ndikukupemphani n'chakuti musathamangire kuboola matabwa musanamvetse mmene makinawa amagwirira ntchito, chifukwa ambiri amene amati anagula makina abodza amakhala kuti anangolakwitsa malo oika kachipangizo kolowa m'madzi kaja, kotchedwa transducer.

Kachipangizoka kamatumiza phokoso lomwe khutu la munthu silimva, lolunjika pansi pa nyanja, ndipo kamamvetsera kubwerera kwake. M'madzi phokoso limayenda pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi imodzi, choncho makinawo amawerengera nthawi imene lapita ndi kubwerera n'kukuuzani kuya kwa malowo. Nsomba imaoneka makamaka chifukwa cha kathumba ka mpweya kali m'mimba mwake, komwe kamabweza phokosolo mwamphamvu. Apa ndiye pagona nkhani yonse: ngati mpweya wochepa wa m'mimba mwa utaka umabweza phokoso, thovu lomwe boti limapanga likamathamanga limabwezanso chimodzimodzi. Transducer ikakhala pamalo a thovu, pa sikirini mudzangoona zibalobalo ndipo nambala ya kuya idzayamba kuphethira kapena kuzimiririka.

Musanaike chilichonse, lowani m'nyanja ndi mnzanu woyendetsa injini, inu musuzumire kumbuyo kwa boti n'kuona pamene madzi akutuluka osalala kuchokera kunsi kwa matabwa. Pamenepo ndi pamalo pake. Kawirikawiri malo abwino amakhala kudzanja lamanja mukayang'ana kutsogolo kwa boti, popeza mbali imeneyo masamba a pulopela ya injini zambiri amakhala akutsikira pansi, ndipo payenera kutalikirana ndi pulopelayo masentimita osachepera 40. Pewani kuseri kwa mfundo ya matabwa, msomali wotuluka kapena chigamba, chifukwa zonsezi zimavundula madzi. Nkhope ya transducer iyang'ane pansi molunjika pamene boti lili pamadzi ndi katundu wake wamasiku onse, ndipo itsike pang'ono chabe, mamilimita ochepa, kupitirira thabwa lapansi.

Kabuku ka m'bokosi kangakuuzeni kuti mukhomere transducer ku thabwa lakumbuyo ndi masikuluwu. Ine sindikulimbikitsa zimenezo kwa inu. Amene analemba kabukuko ankaganizira maboti okwezedwa pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, pamene ife timakokera boti pamchenga, ndipo mwera ukakalipa mafunde amalimenyetsa pagombe. Kapulasitiki kameneko sikangapirire mwezi umodzi. Pezani thabwa lolimba kapena paipi, mumangirire transducer kumapeto kwake, ndipo thabwalo ligwidwe kumbuyo kwa boti ndi mabawuti awiri oti muzimasula ndi manja. Mukamayandikira gombe mumangolikweza, ndipo madzulo mumapita nalo kunyumba, zomwe zimathetsanso nkhawa ya akuba. Lembani chizindikiro pa thabwalo kuti tsiku lililonse libwerere pa msinkhu womwewo. Musayese kumata transducer m'kati mwa boti monga amachitira eni maboti ena a faibala, chifukwa phokosoli silidutsa bwino m'matabwa.

Za magetsi ndikuchenjezeni mwamphamvu. Injini zazing'ono zolizira ndi chingwe nthawi zambiri zimatulutsa magetsi osakhazikika oyenera nyale basi, ndipo mukalumikiza makinawa mwachindunji ku mawaya amenewo mukhoza kuwaotcha usiku woyamba. Gulani batire yakeyake ya mavoti 12, muiike m'bokosi lotseka pamalo okwera osafikako madzi a m'boti, ndiponso kutali ndi thanki ya petulo. Waya wofiira apite ku pozitivi kudzera pa fyuzi, yomwe pa makina aang'ono ngati anuwa imakhala ya maampu 3 ndipo iyenera kukhala pafupi ndi batire; waya wakuda apite ku negativi. Fyuziyo musaichotse ngakhale wina atakuuzani kuti ndi yosafunika, ndipo ikapsa musalowetse waya m'malo mwake monga timachitira m'nyumba zina. Makina aang'ono sadya magetsi opitirira ampu imodzi, kotero batire ya 7Ah (nambala yosonyeza kuchuluka kwa magetsi omwe imasunga) yotchajidwa ndi sola masana ikhoza kukufikitsani m'bandakucha, bola nyale zokopera usipa zikhale ndi batire yawo.

Waya wa transducer ndi wautali kuposa mmene mungafunire, koma musaudule. Wotsalayo mukulunge momasuka n'kumangirira pambali, ndipo njira yake isagundane ndi mawaya a injini, chifukwa moto wa pulagi umalowerera n'kujambula mizere pa sikirini. Muudutsitse m'paipi yapulasitiki m'mbali mwa boti, pamene anyamata sapondapo pokoka khoka.

Funso: Amuna anga anamwalira n'kundisiyira maboti awiri. Anyamata akuti ndigule GPS kuti asamasochere usiku, koma kudera lathu netiweki ya foni imavuta. Kodi GPS ingagwire ntchito pakati pa nyanja popanda netiweki? *Mayi mwini maboti, Makanjira*

Yankho: Mayi, pepani ndi zovutazo. GPS sidalira nsanja za foni ndipo sifuna mayunitsi kapena bandulo. Imamva ma satellite omwe akuzungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kumwamba, ndipo ikamva anayi kapena kuposerapo imadziwa pamene boti lili, kuphonya kwake kukhala mamita ochepa chabe. Chomwe imafuna n'kuona thambo, choncho isaikidwe pansi pa lata kapena m'bokosi lachitsulo. Tsiku loyamba kuiyatsa muisiye panja kwa mphindi zingapo kuti ipeze malo ake.

Anyamata anuwo akunena zoona. Makolo athu ankasunga malo a chirundu, miyala ya pansi pa nyanja pomwe utaka umasonkhana, polunjikitsa phiri ndi mtengo wa kumtunda, ndipo luso limeneli ndi lalikulu, koma mumdima, m'chifunga kapena mu utsi wa m'chilimwe phirilo silioneka. Pa GPS mumangodina batani boti likakhala pamwamba pa chirunducho, n'kupatsa malowo dzina, ndipo mawa muvi udzakulondolerani komweko osaotcha mafuta pozungulirazungulira. Malo oyamba kusunga akhale gombe la kwanu, kenako miyala yoopsa ndi malo omwe makoka amakodwa. Popeza kwanuko malire a madzi a Mozambique sali patali, funsani a ofesi ya usodzi akusonyezeni pamene malirewo adutsa kuti nawonso asungidwe. Dziwaninso kuti makina ambiri otsika mtengo alibe mapu a nyanja yathu, amangosonyeza madontho amene mwasunga ndi mzere wa njira imene mwadutsa, ndipo mzere woongoka wopita kugombe ukhoza kudutsa pamwala. Manambala amene GPS imaonetsa pa malo onse osungidwawo muwalembenso m'kope losungidwa kunyumba, ndipo kopelo likhale m'manja mwanu, chifukwa mnyamata akachoka ntchito kapena makina akagwera m'madzi, chuma chenicheni ndi manambalawo.

Funso: Ndinaika makina anga mwezi watha ndipo akusonyeza tinsomba tambirimbiri, koma tikaponya khoka sitipeza kanthu. Vuto n'chiyani? *Msodzi, Nkhata Bay*

Yankho: Bambo, tizithunzi ta nsomba timeneto ndi kungoganizira kwa makina, ndipo amajambula nsomba ngakhale pa thovu kapena zinyalala. Lowani m'makonzedwe muzimitse tizithunzito kuti muziona zenizeni: nsomba yaikulu monga kampango imaoneka ngati uta, gulu la usipa ngati mtambo, pansi pamwala ngati mzere wokhuthala wowala, ndipo pamatope mzerewo umafooka. Kumbukiraninso kuti makinawa amaona malo ochepa. Mukawaika pa 200 kHz, nambala yosonyeza mtundu wa phokoso limene akutumiza, amaona dera lotambalala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya, ndiye kuti pa mamita 30 mukuona mamita 10 okha, ndipo zomwe zafika kumanzere kwa sikirini mwazidutsa kale. Kwanuko nyanja imazama msanga, ndipo kumpoto kumeneko ndi kumene imafika mamita pafupifupi 700, koma kupitirira mamita 250 madzi alibe mpweya woti nsomba n'kukhalamo. Musavutike kusaka pansi penipeni. Ikani makinawo kuti azisonyeza mamita 50 kapena 60 apamwamba, momwe chilimira chanu chingafike, ndipo muyende pang'onopang'ono pomwe mukufufuza.