Bwanji sanangomupatsa Marshawn Lynch mpirawo?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene anasamukira ku Tacoma, ku Washington, akuti kuntchito kwawo kuli masapota a Seattle Seahawks okhaokha ndipo wina akapanga zopepera anzake amangoti "ukanangothamanga nawo mpirawo", onse n'kuseka koma mowawidwa. Funso lawo ndi lakuti gemu imene anthuwa sakuiiwalayi ndi iti, nanga n'zoona kuti anaiwaluzitsa ndi kochi monga akunenera?

Achimwene, gemu yake ndi Super Bowl XLIX, fainolo ya NFL, ligi ya mpira wa ku America (American football), imene inaseweredwa pa 1 February 2015 ku Glendale, Arizona. Seattle inaluza 28-24 kwa New England Patriots ya Tom Brady. Dziwaninso kuti mu February 2014 Seattle inali itaswa Denver Broncos 43-8 mu fainolo, nde anthu anu akuntchitowo ankaona kuti chikho chachiwiri motsatizana chili kale m'manja.

Poti mwati malamulo ake simukuwatsatabe, mwachidule zimayenda chonchi. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata 4, amati ma down, kuti iyende mayadi 10, ikakwanitsa imapatsidwanso ina 4. Ukafika nawo mpira kumapeto kwa bwalo ndi touchdown, mapointi 6. Kuyenda kwake n'kuwiri, kumupatsa munthu mpira m'manja kuti athamange nawo kapena quarterback, wosewera amene amagawa mpira, kuuponya kuti mnzake awakhe. Ndipo apa gwiritsitsani chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa: wothamanga akagwetsedwa m'bwalo wotchi imangopitirira kuyenda, koma mpira woponya ukagwa pansi osawakhidwa wotchi imaima.

Nde kutatsala mphindi imodzi ndi masekondi ochepa Seattle ili kumbuyo ndi mapointi 4, quarterback wawo Russell Wilson anaponya mpira wautali kwa Jermaine Kearse, mpira unagunda dzanja la wotchinga, n'kumugunda Kearse mwendo ali chigonere pansi, n'kudumphadumpha mpaka anauwakha ali chagada pa yadi 5. Zosamveka. Kenako anamupatsa Marshawn Lynch, chimunthu chimene ankachitcha Beast Mode chifukwa kuchigwetsa munthu mmodzi kunali kovuta, anayenda mayadi 4 mpaka Dont'a Hightower anamugwira patatsala yadi imodzi yokha. Yadi imodzi achimwene, sitepe imodzi yabwino basi. Aliyense mu stediyamu ankadziwa kuti Lynch apatsidwanso. Koma kutatsala masekondi 26 Wilson anauponya pakati kwa Ricardo Lockette, kamnyamata kena ka Patriots dzina lake Malcolm Butler, kosadziwika n'komwe, kamene sikanasankhidwe ndi timu iliyonse pa draft, pomwe matimu amasankha osewera atsopano, kanadumphira kutsogolo n'kuulanda. Gemu inathera pompo.

Masapota a Seattle akamafotokoza chimene chinawaluzitsa, ambiri amaima pa chinthu chimodzi chomwechi, kuti kochi Pete Carroll ndi womuthandiza wake Darrell Bevell amene ankaitana ma play, kutanthauza kusankha kaseweredwe ka mpata uliwonse, anazitaya dala pofuna kuoneka ochenjera. Uli ndi Lynch amene tsiku limenelo anali atathamanga kale mayadi 102, iwe n'kumaponya pakati pomwe pali chipwirikiti cha anthu? Ena amapitirira pamenepo, amati akuluakulu a timu sankafuna kuti Lynch akhale ngwazi ya fainolo chifukwa anali munthu wovuta, sabata yomweyo atolankhani atamufunsa mafunso iye ankangobwereza kuti wabwera kuti asalipitsidwe chindapusa basi, pomwe Wilson anali mwana wabwino wa pa TV. Zimenezi ine sindimazigula ngakhale pang'ono. Kochi amene watsala ndi masekondi 26 kuti atenge chikho alibe nthawi yoganiza kuti MVP, wosewera wopambana onse pa fainolo, akhale ndani, ndipo palibe anabweretsapo umboni, ndi nkhani yongokoma pa mowa.

Za kuponyazo, ndikuuzani zimene anzanuwo sangakonde kumva. Kuponya pakokha sikunali kupenga. Seattle inali ndi mipata itatu yotsala koma timeout (mwayi woimitsa wotchi) imodzi yokha, ziwiri anali ataziwononga okha pa ulendo womwewo chifukwa chosakonzeka msanga. Akanathamanga pa mpata woyamba Lynch n'kugwidwa, akanawotcha timeout yotsalayo, nde mpata wotsatira akanakakamizika kuponya ndipo Patriots ikanadziwiratu. Kuti agwiritse ntchito mipata yonse itatu, umodzi unayenera kukhala woponya, funso linali loti uti. Komanso Patriots inali italowetsa zimphona zake zotchinga wothamanga pomwe Seattle inali ndi owakha atatu m'bwalo, kutanthauza kuti okankha kutsogolo anali ochepa. Ndipo Lynch yemweyo amene anthu amamutchula ngati anali wosalephera, mu sizoni imeneyo anapatsidwa mpira ka 5 pa yadi imodzi, anagoletsa kamodzi kokha. Sizoni yonseyo panalibe quarterback amene analandidwa mpira poponya kuchokera pa yadi imodzi, Wilson anali woyamba.

Pomwe ndimagwirizana nawo masapotawo ndi pa mtundu wa pasi yomwe anasankha. Ngati cholinga chinali chakuti zikakanika mpira ugwe pansi wotchi iime, bwanji osaponyera kukona komwe ukaphonya umangotuluka kunja? Bwanji osanamizira kumupatsa Lynch, poti Patriots yonse maso anali pa iye, Wilson n'kuzembera mbali, munthu woti miyendo anali nayo? M'malo mwake anasankha kuponya pakati, kwa Lockette amene sanali ngakhale mmodzi mwa owakha awo odalirika. Apo ndiye Bevell sangathawe. Carroll atatha masewero anavomera kuti mlandu ndi wake, koma Bevell ananenapo zoti Lockette akanalimbirako mpirawo mwamphamvu, ndipo masapota zimenezo sanamukhululukire, munthu waitana play yoipa n'kumalozanso chala mwana.

Chinanso chimene ku Tacoma sangakuuzeni n'choti mbali inayo kunalinso anthu oganiza. Aliyense ankayembekeza kuti Bill Belichick, kochi wa Patriots, aitana timeout kuti Brady atsale ndi kanthawi kobweza Seattle ikagoletsa. Mkuluyo anangoima duu kuyang'ana benchi ya Seattle, wotchi ikuyenda, kuwasiya apanikizike okha. Play imene Seattle inaitanayo Patriots inali itaiyeserera ku trening'i, Butler anagonja nayo kumeneko ndipo anauzidwa kuti tsiku lina asadzazungulire, adzangolowa. Brandon Browner, wotchinga wa Patriots amene anali wa Seattle mu sizoni ya 2013 ndiye ankawadziwa bwino, anamugwira Kearse pa mzere kuti asatchinge njira ya Butler. Kopanda Browner, Lockette akanalowa nawo mpira uja bwinobwino ndipo lero bwenzi anthu akuti Carroll ndi dolo.

Pajatu Carroll yemweyo anachita zofanana hafu yoyamba isanathe. Kutatsala masekondi 6, m'malo momenya kiki ya mapointi 3 yosavuta analamula kuponya, Chris Matthews anawakha touchdown, zigoli n'kukhala 14-14. Pamenepo palibe anadandaula, onse ankati kochi wathu ndi wolimba mtima.

Koma mukandifunsa ine kuti gemu inatayika pati, ndikuuzani kuti yang'anani kota yomaliza yonse osati masekondi 26 okha. Seattle inalowa kota imeneyo ikutsogola 24-14, ili ndi difensi yomwe inkaopedwa mu ligi monse, ija ankaitcha Legion of Boom. Vuto anthuwo anali zigamba zokhazokha. Richard Sherman ankasewera ndi chigongono chovulala, Earl Thomas phewa, Kam Chancellor bondo limene anavulala ku trening'i masiku ochepa fainolo isanachitike. Jeremy Lane anamulanda Brady mpira mu kota yoyamba koma pa play yomweyo anathyoka mkono n'kutuluka, amene analowa, Tharold Simon, Brady anamupeza ndipo anamusaka usiku wonse. Kenako Cliff Avril amene ankamupanikiza Brady anatuluka atagundidwa mutu. Kuyambira apo Brady ankangoponya timipira tafupitafupi mosatekeseka, Danny Amendola touchdown, Julian Edelman touchdown kutatsala 2:02, anamaliza atalumikiza mapasi 37 mwa 50. Nawonso a Wilson mu nthawi imeneyo ankangolowa n'kutuluka osawonjezera pointi ngakhale imodzi. Kuti Seattle ifike pa yadi imodzi paja zinatengera mwayi wa Kearse uja, apo ayi bwenzi tikukamba za difensi imene inataya mapointi 10, nkhani ya Lynch kulibe.

N'chifukwa chake ndimati masapotawo akunena zoona koma theka. Zili ngati timu yathu ikaluza pa mapenate, tonse timatukwana amene waphonya yomaliza osakumbukira kuti tinkatsogola 2-0. Pasi ija ndi yosavuta kuikwiyira chifukwa ili ndi nkhope, Carroll ndi Bevell, pomwe mkono wa Jeremy Lane ulibe woti n'kumukalipira.

Langizo langa achimwene, poti ndinu mlendo kumeneko, musakayambe ndi zoti Lynch anagoletsa kamodzi mwa 5, akudani sabata yonse, anthu ake ndi aja timu inawasungira nambala 12 kuyambira 1984 kuti wosewera asamavale, mpira amautenga ngati chipembedzo. Kayambeni ndi kuwafunsa kuti Lane ndi Avril akanamaliza gemu ija zikanatha bwanji, mukaona okha ayamba kukufotokozerani za kota yomaliza. Za Lynch mukazitulutse nthawi ya lanchi itatsala pang'ono kutha.