Nkhuku ya pa chinkhoswe inandigoneka m'chipatala

Mayi, mapiritsi oletsa kutsegula m'mimba amene mukufuna kugulira bambo akunyumbawo musagule, popeza mwanena kuti thupi latentha ndipo zayamba atadya nkhuku yogona. Ine ndinachita zomwezo ndipo ndinatsala pang'ono kusiya ana.

Chinali chinkhoswe cha mwana wa achimwene anga, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Mayi amene tinawalipira kuti atiphikire anakazinga nkhuku usiku, magetsi n'kuzima, ndipo m'malo motiuza anangoisiya m'mabeseni mpaka masana, kenako anaitenthetsa pamwamba pokha. Usiku wotsatira m'mimba mwanga munkapotokola ngati munthu akufinya chitenje chochapa. Nditatopa ndi kuyenda ndinagona pasimenti pakhomo pa chimbudzi, ndikunjenjemera m'nyengo yotentha chonchija, lilime litauma, mwana wanga wa sitandade 6 atandigwira mutu akulira. M'chimbudzimo munkaoneka zonanda ngati mamina ndi timagazi. Kutacha ndinatuma mwanayo kuokala kukagula mapiritsiwo pamodzi ndi Flagyl. Kutsegulako kunaleka ndithu, koma mimba inafufuma, thupi linatentha kuposa poyamba, ndipo madzulo anachita kundinyamula.

Dokotala amene anandiika diripi anati zikuoneka kuti ndi bakiteriya wotchedwa Salmonella, ndipo anandifotokozera zimene sindidzaiwala. Mkati mwa matumbo muli maselo oyalana mzere umodzi wokha, amene amayamwa chakudya ndi madzi komanso kutchinga tizilombo kuti tisalowe m'magazi. Salmonella imaboola n'kulowa m'maselowo. Maselowo amaizindikira, mwa zina chifukwa cha timichira timene imasambira nato, ndipo amatulutsa mankhwala oitana asilikali a m'thupi, amodzi mwa mankhwalawo otchedwa IL-8. Asilikaliwo amakhamukira m'matumbo, malowo amatupa ndi kufiira, maselo ena amafa n'kusupuka, ndipo matumbo amasiya kuyamwa madzi n'kuyamba kuwataya. Ululu, kutentha thupi ndi timagazi tija zimachokera pa nkhondo imeneyi. Ukamwa mapiritsi oumitsa matumbo panthawi yotere, umatsekera tizilomboto m'kati. Flagyl uja naye sagwira ntchito pa Salmonella, ndinangotaya ndalama. Anandiuzanso kuti kolera ndi yosiyana, chifukwa tizilombo take sitilowa m'maselo, timangothira poizoni, n'chifukwa chake chimbudzi chake chimakhala ngati madzi otsukira mpunga.

Chimene chimandipwetekabe ndi mayi ophika aja. Tinadwala anthu angapo, kuphatikizapo agogo athu, koma nditawaimbira foni anandiyankha kuti mwina ndinadya mango osatsuka, n'kundikumbutsa za ndalama zotsala. Mpaka lero sanapepese, ndipo ndimawaonabe akulengeza ntchito yawo pa Facebook.

Bambowo apatseni Thanzi ORS pafupipafupi, ndipo ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Anthu ambiri amachira okha pakati pa masiku 4 ndi 7 popanda mankhwala opha mabakiteriya, choncho musathamangire mankhwala, lisiyeni thupi limenye nkhondo yake. Ine ndinachira nditabayidwa majekeseni a mankhwala omwewo, koma ine ndinali nditafika poona magazi n'kugonekedwa m'chipatala. Mukaona magazi, kapena akusanza chilichonse, kapena mkodzo wachepa, pitani kuchipatala usiku womwewo, makamaka ngati ali ndi kachilombo ka HIV, chifukwa kuno ku Malawi Salmonella imadutsa matumbo n'kulowa m'magazi mwa anthu otero ndi mwa ana amene adwala malungo kapena onyentchera. Akayamba kupeza bwino muyambe ndi phala, mkaka udikire kaye, pakuti maselo atsopanowo amatenga masiku kuti ayambenso kuugaya bwino. Ine ndinamwa tiyi wamkaka tsiku lomwe ndinatuluka ndipo ndinabwereranso kuchimbudzi.