Yankho kwa amalume pa za tchalitchi cha St Isaac

Amalume, mwaswera bwanji? Ndaona funso lanu pa chithunzi ndinaika pagulu dzulo chija, loti tchalitchi chachikulu chonchi anamanga ndani. Ndati ndingolankhula, kunja kuno kukuzizira zoti zala sizingalembe.

Eee, ndi tchalitchi cha St Isaac, konkuno ku St Petersburg. Amene anajambula pulani n'kuyang'anira ntchito yonse sanali wa ku Russia ayi, anali Mfalansa, dzina lake Auguste de Montferrand. Anabadwira ku Paris mu 1786, ndipo anakhalapo msilikali wa Napoleon, yemwe uja anathira nkhondo Russia. Mu 1814 anakapereka buku la zojambula zake kwa mfumu ya Russia, Alexander I, ku Paris komweko, mfumuyo n'kuzikonda. Pofika 1816 munthu ali kuno, mmisiri wa kunyumba yachifumu.

Ntchito inayamba 1818, kudzatha 1858. Zaka 40 amalume, pansi pa mafumu atatu! Nsanamira zikuluzikulu za m'makhonde mukuzionazo zilipo 48, iliyonse ndi mwala umodzi wosalumikiza, wolemera matani 114. Ankaisema ku Finland n'kubwera nayo pamadzi, ndiye anaiimika ndi zingwe ndi mphamvu za anthu makoma asanamangidwe n'komwe. Ine ndinayesa kukumbatira imodzi, manja sanafike ndi theka lomwe, mwala wake wofiirira, wosalala, wozizira ngati ayezi. Ndi Montferrand yemweyonso anaimika chipilala cha Alexander pabwalo la nyumba yachifumu mu 1832, matani 600, changoima ndi kulemera kwake basi.

Koma chimene chimandikhudza ine n'chakumapeto. Tchalitchi atachidalitsa mu 1858, patangotha ngati mwezi umodzi mkuluyu anamwalira. Anali atapempha kuti adzamuike m'tchalitchi momwemo, koma mfumu Alexander II inakana, poti mkuluyu anali Mkatolika pomwe tchalitchi ndi cha Orthodox. Anangozungulira nalo bokosi kunja kwake, kenako mkazi wake anatenga thupi kukaika kumanda a Montmartre ku Paris. Ine zimenezi zimandiwawa ndithu. Munthu wathera moyo wake wonse pamenepo, malo ogona okha n'kumumana?

M'katimo muli chosema cha nkhope yake, chopangidwa ndi miyala yomweyo anamangira tchalitchi. Ndikapitakonso Loweruka ndikakujambulirani. Mupereke moni kwa azakhali.